Fyuzi ya nyali ikamangopsa pa pikapu: mmene mungasakire pamene pali vuto

Msewu wa M5 kuchoka ku Salima kudzera pa Khombedza ndi pa Benga mpaka ku Nkhotakota si woyendamo usiku ndi galimoto yozima nyali zakumbuyo. Muli a kabaza, muli anthu oyenda pansi, muli malole olemera ochokera ku Dwangwa, ndipo amene akubwera m'mbuyo mwanu amadalira timagetsi tofiira tiwiri tija kuti adziwe kuti kutsogoloku kuli galimoto. N'chifukwa chake zimandidetsa nkhawa ndikamaona dalaivala wa matola akuyenda ndi mafyuzi odzaza m'thumba, ina ikapsa n'kuikapo ina, ikapsanso n'kuikapo yokulirapo, mpaka tsiku lina kukulunga fyuzi yakupsayo ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Vutoli limapezeka, ndipo nthawi zambiri silifuna ndalama zambiri. Chimene limafuna ndi kulisaka mwadongosolo, osati mongolota.

Tiyambe ndi ntchito ya fyuzi. Magetsi a galimoto amachoka pa batire la 12V, kudutsa mu fyuzi ndi swichi, kuyenda mu waya mpaka pa babu, kenako kubwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto yomweyo, bodi ndi chasisi. Njira yobwererayi amakaniko amaitchula kuti ethi. Ndiye kuti chitsulo chilichonse cha pikapu yanu, kuyambira pa bampa mpaka pa chitseko cha kumbuyo, chili ngati waya wobwerera ku batire. Babu ndi limene limachepetsa magetsi oyenda m'njirayi. Zili ngati ngalande ya m'minda ya mpunga ku Lifuwu: madzi akamadutsa pa kachipata kolowera m'munda amayenda pang'onopang'ono, koma khoma la ngalande likagumuka asanafike pamenepo, onse amathamangira pogumukapo. Waya akasupuka n'kukhudza chitsulo asanafike pa babu, magetsi amapeza njira yopanda chowaletsa ndipo amachuluka koopsa m'kanthawi kochepa. Imeneyo ndiye shoti. Fyuzi ndi kachitsulo kopyapyala kamene anakapanga dala kuti kasungunuke msanga waya asanatenthe.

Choncho kukula kwa fyuzi anakusankha poyang'ana kukula kwa waya. Mukachotsa ya 10A (A akuimira ma amp, muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya) n'kuikapo ya 30A, waya uja sanasinthe, akadali woonda yemwe uja. Tsopano chimene chiyambe kusungunuka ndi pulasitiki wokuta wayayo, mkati mwa mtolo wa mawaya ena, kuseri kwa dashibodi kumene simungaone. Magalimoto amayaka moto choncho. Mafyuzi a timiyendo tiwiri amene ali m'mapikapu ambiri amadziwika ndi mtundu: ya 7.5A ndi yabulauni, ya 10A yofiira, ya 15A yabuluu, ya 20A yachikasu, ya 30A yobiriwira. Pa chivundikiro cha bokosi la mafyuzi analembapo nambala yoyenera pa malo alionse. Musadalire fyuzi imene mwaipezamo, chifukwa galimoto zambiri zimene timagula zinadutsa kale m'manja mwa anthu ambiri, ndipo wina akhoza kukhala kuti anaikamo yolakwika.

Funso loyamba ndi lakuti fyuzi imene ikupsayo imadyetsa chiyani. Anthu amangoti "ya magetsi", koma pa pikapu pali zingapo. Pa Toyota Hilux ndi galimoto zambiri za ku Japan mupeza yolembedwa TAIL, ina STOP, ina HEAD, ina TURN kapena HAZ. Bokosi limodzi limakhala pansi pa boneti pafupi ndi batire, lina mkati cha kumapazi a dalaivala. STOP ndi ya nyali za mabuleki, TURN kapena HAZ ndi ya maindiketa. HEAD ndi ya nyali zazikulu zakutsogolo, ndipo pa galimoto zambiri kumanzere ndi kumanja kumakhala ndi fyuzi yakeyake kuti zisazimire limodzi. Imene imavutitsa anthu kwambiri ndi TAIL, chifukwa njira yake ndi yaitali kuposa zonse. Imadyetsa mapaki akutsogolo (tinyali tating'ono toyandikana ndi nyali zazikulu), nyali zofiira zakumbuyo, tinyali ta pa nambala puleti, komanso magetsi owalitsa dashibodi ndi mabatani a wayilesi. Mukaona dashibodi yada mwadzidzidzi usiku, imani mukaone kumbuyo, chifukwa kawirikawiri ndiye kuti nyali zakumbuyo zazimanso, ngakhale zazikulu zakutsogolo zikuwala bwinobwino.

Kenako iyang'aneni fyuzi yakupsayo poyera, musaitaye msanga. Ngati mkati mwake mwada bii, kachitsulo kaja kamwazika, ndiye kuti magetsi ochuluka anadutsa kamodzin'kamodzi: shoti. Ngati kachitsuloko kangosungunuka pakati n'kulekana mwaukhondo, pulasitiki akadali woyera, mwina ndi katundu wochuluka amene wakhala akuitenthetsa pang'onopang'ono. Ndipo ngati chasungunuka ndi pulasitiki wa kumiyendo, miyendoyo itada, vuto likhoza kukhala m'bokosi momwemo: timano togwira fyuzi tatakasuka kapena tachita dzimbiri, ndiye pakutentha. Zizindikirozi si umboni wotheratu, koma zimakuuzani koyambira.

Kusiyanitsa shoti ndi katundu wochuluka kumafuna masamu ochepa chabe. Mawati (W) a babu mukawagawa ndi 12, poti batire ndi la 12V, mupeza ma amp amene limakoka. Mababu a mapaki, a kumbuyo ndi a nambala puleti amakhala a 5W lililonse. Asanu ndi limodzi ndi 30W. Kuonjezerapo timababu ta dashibodi, tinene kuti zonse zafika 40W, ndiye kuti pafupifupi 3.3A. Fyuzi ya 10A siingamve kanthu ndi katundu wotere. Koma bwanji wina atamangirira masipoti (nyali zoonjezera zowala kwambiri) awiri a 55W pa bampa n'kuwalumikiza ku waya wa mapaki, poti ndiye anali pafupi? Awiriwo ndi 110W, kupitirira 9A, ndipo pamodzi ndi zoyamba zija mwadutsa 12A. Fyuzi ya 10A siipsa pomwepo ndi 12A. Imapirira, n'kumatentha, ndipo imadzaduka mutayenda kale kamtunda. Mwini galimoto amadabwa kuti pagalaja zonse zinali bwino, chonsecho yakapsera pa Chia, panjira ya ku Nkhotakota.

Apa ndi pamene nthawi imene fyuzi ikupsera imakhala yofunika kuposa chida chilichonse. Ikamapsa mukangotembenuza swichi, shoti ilipo nthawi zonse ndipo ndi yosavuta kuipeza. Ikamapsa patapita mphindi zingapo, pamsewu wosalala kapena galimoto itangoima, ganizirani za katundu wochuluka. Ikamapsa mukagunda dzenje kapena mukalowa msewu wafumbi wa mabampu, pali waya wosupuka amene akugwedezeka n'kumakhudza chitsulo mwa apo ndi apo. Ikamapsa mvula ikagwa, kapena mutatsukitsa galimoto kunyanja, madzi akulowa penapake. Ikamapsa pokhapokha mwasenza matumba a mpunga kapena a usipa, yang'anani pansi pa bodi, pamene kulemera kumapanikiza mawaya. Ikamapsa mukaponda buleki nyali zili zoyaka, pitani msanga ku mababu akumbuyo. Makaniko wabwino amayamba wakufunsani mafunso amenewa asanagwire sipanala, ndipo inu mukamayendetsa muzisunga m'mutu kuti yapsa mukuchita chiyani.

Funso lina limene ndimaliona kuti ndi lalikulu: ndi chiyani chimene chinagwiridwa pa galimotoyi vutoli lisanayambe? Mawaya a ku fakitale, akapanda kusokonezedwa, amakhala zaka zambiri. Mavuto ambiri amayambira pamene padutsa dzanja la munthu: masipoti, timagetsi tokongoletsa m'mbali mwa bodi, kanopi yokhala ndi nyali mkati, soketi ya telela, alamu, kapena kuwotcherera zitsulo zotchingira katundu kumbuyo, kumene moto wake umapsereza mawaya odutsa pansi.

Wayilesi ndiyofunika kuikambapo payokha, chifukwa msampha wake umakola ngakhale amisiri odziwa ntchito. Kuseri kwa wayilesi kumabwera waya wa magetsi owalitsa mabatani, wochokera ku njira ya TAIL. Nyali zikakhala zozima, wayayu mukamuyeza amaoneka ngati ethi, chifukwa amafika ku chitsulo kudzera m'timababu ta dashibodi. Woika wayilesi yatsopano masana amamuyeza, n'kuona ngati wapeza ethi, n'kulumikizapo waya wakuda wa wayilesi. Wayilesi imalira bwino, mwini galimoto amalipira n'kumapita. Madzulo akayatsa nyali, waya uja amalandira 12V, magetsiwo n'kudutsa m'bodi ya wayilesi kupita ku chitsulo kudzera m'mabawuti ake kapena waya wa eriyo, fyuzi n'kupsa. Munthu amatha kuphwasula nyali zonse zakumbuyo pamene vuto lili kutsogolo kwa mawondo ake. Ngati wayilesi yasinthidwa posachedwa, isololeni, zulani mapulagi ake onse, muyesenso.

Tsopano tifike pa kasakidwe kenikeni. Kumangoika mafyuzi atsopano kuti muone ngati apse n'kuwononga ndalama, ndiponso sikukupatsani mpata wofufuza chifukwa fyuzi imaduka musanaone kanthu. Njira yabwino ndi kuika babu m'malo mwa fyuzi. Tengani babu la nyali yaikulu, la H4, ngakhale lakale limene mbali imodzi inapsa koma inayo ikuyakabe. Lumikizani mawaya awiri ku mbali yamoyoyo, nsonga zinazo muzilumikize ku timiyendo tiwiri ta fyuzi yakupsa, n'kuibwezera pamalo pake. Mawayawo akhale aatali kuti babu muzitha kuliona muli kumbuyo kwa galimoto. Lipachikeni pamalo poti silikhudza mpando kapena pulasitiki, chifukwa limatentha kwambiri, ndipo onetsetsani kuti polumikiza pake sipakukhudza chitsulo.

Mukayatsa swichi, magetsi onse a njirayo ayenera kudutsa m'babu limeneli. Ngati kulibe shoti, liwala mofooka, ndipo nyali za galimoto ziyaka mozimirira chifukwa zikugawana magetsi. Ngati shoti ilipo, liwala mwamphamvu ngati lili pa batire penipeni, nyali zinazo zili zii. Ubwino wake ndi wakuti babu la 55W silingalole magetsi opitirira pafupifupi 5A, choncho waya sangapse ngakhale shoti ikhalepo nthawi yonse imene mukufufuza. Ena amagwiritsa ntchito babu la 21W la indiketa. Limagwira, koma limawala ndithu ngakhale palibe shoti pokhapokha mutachotsa mababu onse a njirayo, ndiye likhoza kukusokonezani.

Babu likuwala choncho, yambani kudula njirayo m'zigawo. Pa mapikapu ambiri pali pulagi imene imalumikiza mawaya a m'kabini ndi mtolo wopita kumbuyo motsatira chasisi. Ipezeni, muizule. Babu likazimirira, shoti ili kumbuyo. Likapitiriza kuwala, ili kutsogolo kapena mu dashibodi, ndipo theka la galimoto mwalichotsa kale pa mlandu. Mbali imene yatsalayo muigawenso: zulani pulagi ya nyali yakumanzere, kenako yakumanja, kenako ya nambala puleti, imodziimodzi, maso ali pa babu. Chimene mwazula babu n'kuzimirira, vuto lili mmenemo. Mukazula zonse koma likuwalabe, ndiye kuti ndi waya weniweniyo pakati pa njira.

Shoti ya apo ndi apo ndi imene imayesa mtima wa munthu, chifukwa pagalaja imabisala. Babu lija limathandizanso pamenepa. Mnzanu aziliyang'ana, inu mulowe pansi galimoto itazimitsidwa injini, ili pa handibuleki ndiponso matayala atatsekedwa ndi miyala, n'kumagwedeza mtolo wa mawaya pang'onopang'ono kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Tsegulani ndi kutseka chitseko cha kumbuyo, kwerani m'bodi mudumphedumphe, menyani nyali ndi chikhatho. Babu likangothwanima, imani pomwepo.

Ndinaonapo Hilux ina yakale yonyamula nsomba ku Senga Bay imene fyuzi ya TAIL inkapsa ikangosenza katundu. Mtolo wa mawaya kunja kwake unkaoneka wabwino, wokutidwa ndi tepi ndi fumbi. Koma kapulasitiki kamene kankaugwirira ku chasisi kanali katathyoka kalekale, mtolowo n'kutsetsereka kufika pa m'mphepete mwakuthwa mwa chitsulo chopingasa, pafupi ndi masipuling'i akumbuyo. Msiri wa magetsi ataupotoza kuti aone kunsi kwake, panaoneka kamalo kochepa kuposa njere ya mpunga pamene tepi inadyeka, mkuwa wa waya uli mbee, ndipo pa chitsulopo panali kadontho kakuda kopsa. Galimoto ikakhala yopanda kanthu, waya ankalendewera osakhudza. Ikalemedwa n'kugunda bampu, ankakhudza. Kadontho kakuda kameneko, kapena malo owala pamene chitsulo chapukutika, ndi zimene muzifunafuna, ndipo kawirikawiri zimakhala kumbali imene maso saona mpaka mutatembenuza mtolowo.

Malo ena okayikitsa ndi pamene mawaya amadutsa pa bowo la chitsulo mphira wake atachoka, pafupi ndi ekizozi pamene kutentha kumaumitsa pulasitiki, ndi pa bampa yakumbuyo pamene waya wa nambala puleti amapanikizika galimoto ikagundidwa pang'ono. Galimoto imene imanyamula chimanga ndi mpunga, kapena kugona pafupi ndi nkhokwe, imakopanso makoswe, ndipo makoswe amatafuna mawaya pansi pa boneti ndi kuseri kwa dashibodi.

Nyali zakumbuyo zenizenizo muzitsegule. Babu la buleki ndi paki pa galimoto zambiri ndi limodzi la mbali ziwiri, 21W ndi 5W, lokhala ndi timiyendo tiwiri kunsi, ndipo timapini take ta m'mbali sitili pa mzere umodzi kuti lilowe njira imodzi yokha. Munthu akakakamiza babu la mwendo umodzi m'malo amenewa, kapena kulowetsa loyenera mozondoka ndi mphamvu, amalumikiza njira ya buleki ndi ya paki, kapena kupinda kachitsulo ka m'soketi mpaka kukhudza khoma lake. Chizindikiro chake n'chakuti mukaponda buleki dashibodi kapena mapaki akutsogolo amayaka. Nthawi zina babu lenilenilo ndi limene lawonongeka mkati, kawaya kake katagwera pa kanzake. Kuno kunyanja kulinso chinyezi, ndipo galasi la nyali likang'aluka madzi amakhazikika m'soketi, n'kubala dzimbiri lobiriwira. Pa pikapu za nsomba madzi a m'mabeseni amatsikira m'makona a bodi, pamene pali nyali zomwezo. Soketi ya telela nayo, ngati ilipo, itseguleni ngakhale simunakokepo telela chaka chonse. Imakhala pansi, imadzaza matope, ndipo timawaya take timamasuka n'kumakhudzana.

Ngati imene ikupsa ndi ya HEAD, njira yake ndi yaifupi ndipo okayikiridwa ndi ochepa. Babu la H4 la ku fakitale ndi la 60/55W, limakoka pafupifupi 5A. Ambiri amagula la 100/90W pofuna kuona bwino usiku, ndipo limeneli limadutsa 8A. Pa fyuzi ya 10A zimenezi zili m'malire, koma choyamba kuvutika ndi pulagi ya kuseri kwa babu: imatentha, imasungunuka, timiyendo take n'kuyandikana mpaka kukhudzana. Zulani pulagiyo muione, muinunkhizenso. Masipoti ndi magetsi ena oonjezera ayenera kukhala ndi waya wawo wochokera ku batire, fyuzi yawo pafupi ndi batirepo, ndi relay, kaswichi kamene kamayatsidwa ndi magetsi osati ndi dzanja. Waya wa nyali za galimoto azingodzutsa relay basi, poti imeneyo imakoka magetsi ochepa kwambiri.

Pali zinthu zina zimene anthu amazinamizira. Ethi yofooka kawirikawiri siipsereza fyuzi. Imachititsa nyali kuwala mofooka kapena kuchita zachilendo, monga nyali yakumbuyo kuphethira limodzi ndi indiketa. Alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, ikamatchaja mopitirira, zoyamba kupsa amakhala mababu, ndipo mutha kudziwa poyeza pa batire injini ikulira: iyenera kukhala cha m'ma 14V. Batire latsopano silichiza shoti. Muchenjerenso ndi mita yoyezera magetsi. Mukaiika poyeza kulumikizana kwa mawaya, imalira ngakhale palibe shoti, chifukwa mababu ozizira angapo ali pamodzi amapereka njira yosavuta yopita ku ethi. Kuti muyeze zoona, chotsani waya wa negativu (wa chizindikiro cha −) pa batire ndi mababu onse a njirayo. Ndipo musaike mita m'malo mwa fyuzi kuti muyeze ma amp pamene mukukayikira shoti, chifukwa mamita ambiri amalekeza pa 10A ndipo mupsereza fyuzi ya m'kati mwake. Yezani ma amp pokhapokha babu lija litakutsimikizirani kuti shoti palibe, ndipo mukufuna kudziwa ngati katundu wachuluka.

Mukapeza malowo, musangokulunga tepi n'kusiya wayayo pomwe anali, chifukwa chimene chinamudya chikadali pomwepo ndipo tepi imamatuka ndi kutentha kwa kuno. Chotsani negativu pa batire, dulani chigawo chowonongekacho, lumikizani waya wa kukula komweko pomuwotcherera kapena ndi zolumikizira zopana bwino, kutani bwino, vekani kapayipi kapulasitiki, kenako mumange mtolowo patali ndi chitsulo chakuthwacho. Yang'ananinso mawaya oyandikana nawo mu mtolomo, makamaka ngati galimotoyo inayendapo ndi fyuzi yaikulu kapena waya m'malo mwa fyuzi, chifukwa kutentha kumakhala kutawapsereza nawonso. Mukatero bwezerani fyuzi ya nambala yolembedwa pa chivundikiro, yabwino, poti mafyuzi ena otchipa kwambiri saduka pa nambala imene analembapo. Yesani galimotoyo m'njira yomwe ija imene inkapseramo: ngati inkapsa itasenza katundu pa msewu wa mabampu, isenzetseni mukaiyese kumeneko kukadali kowala.

Pa mapikapu atsopano, amene nyali zake zimalamulidwa ndi kakompyuta, kaganizidwe kake ndi komweka koma dzanja liyenera kupepuka. Musabowole mawaya mwachisawawa kapena kulumphitsa magetsi kuchoka pa batire kupita ku waya amene simukumudziwa, ndipo mawaya a m'mapulagi achikasu musawakhudze n'komwe, ndi a ma airbag, matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi. Ngati mwazula zonse zakutsogolo ndi zakumbuyo koma babu likuwalabe, shoti ili mu dashibodi, mu swichi ya pa chiwongolero kapena m'bokosi la mafyuzi. Pamenepo pitani kwa msiri wa magetsi a galimoto amene ali ndi chithunzi cha mawaya a mtundu wa galimoto yanuyo, mumuuze nthawi imene fyuzi imapsera ndi zigawo zimene mwazichotsa kale pa mlandu, kuti asakayambirenso kumbuyo.